KODI JEKETE LONYEZIMIRA LIPULUMUTSA WOYENDETSA NJINGA YA MOTO?

Wolemba Mtola Nkhani Wathu, Lundazi

MUNTHU amene aima pambali pa mseu kwa Mphamba nthawi ya cisisira, m'miyezi yogulitsa zokolola, angawerenge njinga za moto zambiri asanaone basi imodzi. Zina zicokera pa Boma pa Lundazi kubwerera kumidzi, zina zithamangira ku malire a Malawi pa Lusuntha, ndipo pafupifupi iriyonse yanyamula kanthu: mai wobereka mwana, thumba la nshawa, cigubu ca mafuta, kapena wodwala wopita naye ku cipatala. Kale njinga yotere inali ya mlangizi wa zaulimi kapena wanchito wa zaumoyo. Masiku ano mlimi akagulitsa bwino soya kapena thonje, honda ndiyo iyamba kulowa pakhomo, ndipo mnyamata wa pabanjapo ayamba kunyamula anthu ndi kulipiritsa.

Pakati pa oyendetsawa alipo ena obvala jekete lopanda manja, la cikasu kapena la mtundu wa lalanje, lokhala ndi mizere yotuwa pamsana ndi pacifuwa, limene anyamata alicha lifulekita. Ambiri salibvala. Ena akuti litentha m'mwezi wa October, ena akuti likuda msanga, ndipo ena angoti nyale ya njinga ikwanira. A bungwe loyang'anira za pamseu la RTSA pamodzi ndi apolisi amalimbikitsa oyendetsa kuti azioneka bwino. Koma kholo limene lagulitsa zokolola za caka cathunthu kuti ligule njinga, ndi kuipereka m'manja mwa mwana wake, liri ndi cifukwa cofunsira ngati kansalu kameneka kangathandize mwanayo kubwera kunyumba wamoyo.

Yankho lake ndi lakuti jeketeli lithandizadi, koma pa ngozi ya mtundu umodzi, ndipo ndi bwino kuti owerenga athu aidziwe ngoziyo.

"SINDINAMUONE"

Imacitika motere. Galimoto icokera m'kamseu ka kumbali kulowa mu mseu waukulu, kapena ikhota kumanja pa mphambano, ndipo njinga imene inali kubwera molunjika idziomba pa citseko. Woyendetsa galimoto akatsika, mau ake amakhala amodzimodzi m'maiko onse: sanamuone. Kawirikawiri sakhala akunama. Njinga ndi yowonda, ndipo diso la munthu wozolowera galimoto limafunafuna cinthu cacikulu monga lole kapena basi. Ngakhale aione njingayo, aganiza kuti ikali kutali ndi kuti ibwera pang'onopang'ono, pakuti cinthu cacing'ono cimanyenga maso.

Mu 1981 Harry Hurt ndi anzake a pa Yunivesiti ya Southern California anafalitsa zimene anapeza atafufuza ngozi 900 za njinga za moto mu mzinda wa Los Angeles ku America. Ngozi zitatu mwa zinai zirizonse zinali za kuombana ndi galimoto, ndipo pa ngozi zoterezi, ziwiri mwa zitatu zinayamba cifukwa woyendetsa galimoto analowa m'njira ya njinga pamene sanayenere kutero.

Za zobvala zenizenizo, kufufuza kumene akatswiri amakuchula kwambiri kunacitika ku Auckland m'dziko la New Zealand kuyambira 1993 kufikira 1996, ndipo Susan Wells ndi anzake anakufalitsa mu 2004 m'magazini ya madokotala ya British Medical Journal. Anatenga oyendetsa 463 amene anabvulala kapena kufa pa ngozi, ndi kuwalinganiza ndi ena 1,233 amene anangowaimitsa pamseu ali bwinobwino. Kwa obvala zowala kapena zonyezimira, ngozi yobvulaza inali yocepa ndi magawo 37 pa 100 alionse. Cisoti coyera cinaposa cakuda ndi magawo 24 pa 100, ndipo kuyatsa nyale ya kutsogolo masana kunacepetsa ngozi ndi magawo 27 pa 100. Cimene cinadabwitsa ena ndi cakuti mtundu wa njinga yeniyeniyo, kaya yofiira kaya yakuda, sunasinthe kanthu.

Apa munthu wanzeru angafunse kuti, kodi amene asankha kubvala jekete lotere si uja amene ali wosamala kale, wosamwa mowa poyendetsa ndi wosathamanga? Ofufuzawo anayesa kucotsapo zinthu monga msinkhu ndi mowa powerengera, koma khalidwe la munthu ndi lobvuta kuliyeza. Ku Denmark anayesa njira ina mu 2012 ndi 2013. Anatenga anthu opalasa njinga za kapalasa 6,793, ndi kuwagawa pawiri mwa maere, kotero kuti osamala ndi osasamala anagwera mbali zonse ziwiri. Gulu limodzi linapatsidwa majekete a cikasu. Patatha caka, ngozi zoombana ndi ena m'gulu limeneli zinali zocepa ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu. Njinga zake zinali za kapalasa, inde, koma kwa Mphamba njinga zoterezi ndi zambiri kuposa mahonda, ndipo ziyenda mu mseu womwewo.

JEKETE LIMODZI, NCHITO ZIWIRI

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti m'jeketeli muli zinthu ziwiri zosiyana, ca masana ndi ca usiku.

Nsalu ya cikasu ija inanyikidwa mu utoto umene umamwa kuwala kwina kwa dzuwa kumene diso la munthu silikuona, kochedwa ultraviolet, ndi kukubweza monga kuwala kooneka. Ndico cifukwa cake ioneka ngati iyaka, makamaka m'mamawa, madzulo ndi pa tsiku la mitambo. Dzuwa likalowa nchito yake yatha. Mu mdima nsaluyo siiposa malaya oyera wamba.

Mizere yotuwa ndiyo ya usiku. Pamwamba pake pali timikanda ta galasi tating'ono kwambiri, timene timabweza kuwala kumene kwacokera. Nyale ya galimoto ikaunika mzerewo, kuwalako kubwerera ku galimotoko, ndipo pakuti maso a woyendetsa ali pafupi ndi nyale zake, aona mzerewo ukung'anima patali. Kutalikako ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola mu mseu wa Chipata ipita mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiye kuti imaliza utali wa bwalo la mpira masekondi asanu asanakwane. Woyendetsa amene aona njinga atafika kale pafupi alibe nthawi ngakhale yoponda buleki.

Koma mzerewo ulibe moto wakewake. Popanda nyale youunika, ndi nsalu yotuwa cabe. Pamenepa ndi pamene zofufuza za ku Auckland zisiyana ndi moyo wa kuno kwathu.

Usiku m'njira za kwa Mphamba, cimene woyendetsa honda akumana naco kawirikawiri si galimoto ya nyale ziwiri zowala bwino. Ndi ngolo ya ng'ombe yodzaza cimanga yopanda nyale, wopalasa njinga yopanda nyale, munthu wocokera ku mowa woyenda pakati pa mseu, mbuzi, nkhumba, kapena honda inzake imene nyale yake inafa kale. Onsewa sangaone lifulekita, ndipo ng'ombe siidziwa cikasu. Pa ngozi zotere munthu wofunika kunyezimira ndi winayo. Timapepala tofiira tonyezimira tomata kumbuyo kwa ngolo, kapena kalamba konyezimira pa mwendo wa wopalasa njinga, tingapulumutse woyendetsa honda kuposa jekete limene iye mwini wabvala. Mafumu a m'midzi ndi eni ngolo ayenera kuganizapo.

Palinso ngozi zimene sizifuna munthu waciwiri. Ngakhale ku Los Angeles, kumene miseu ndi ya tala, ngozi imodzi mwa zinai inali ya njinga yokha. Kuno kuli mcenga pa ngodya, maenje, matope a dzinja, milatho yopapatiza, matayala osalala, anthu atatu kapena anai pa mpando wa awiri, ndi mnyamata amene anaphunzira kuyendetsa pa bwalo la sukulu Loweruka ndi kuyamba kunyamula anthu Lolemba. Jekete silikhudza cimodzi ca izi.

Ndipo ngakhale pamene liyenera kugwira nchito, ife eni timaliphimba. Ine ndaona kambirimbiri woyendetsa atabvala jekete labwino, koma kumbuyo kwake kwakhala wokwera wobvala jasi lakuda, kapena matumba awiri a feteleza omangidwa ndi mphira. Woyendetsa lole wocokera kumbuyo aona jasi ndi matumba basi. Ngati jekete ndi limodzi ndipo ulendo ndi wa usiku, kuli bwino abvale wokhala kumbuyo, pakuti kutsogolo kuli kale nyale. Dziko la Kenya linaliona bvutoli, ndipo malamulo ake a mu 2015 afuna kuti njinga ikhale ndi zisoti ziwiri ndi majekete awiri.

Fumbi nalonso ndi mdani. Kuyambira June kufikira mvula yoyamba, fumbi la m'miseu yathu limamatira pa timikanda tija ndi kutitseka maso. Dzuwa lifwifwitsa cikasu, ndipo kucapa kopikicha kapena komenyetsa pa mwala kugwetsa timikanda. Jekete limene lakhala pa thupi zaka ziwiri tsiku ndi tsiku lingakhale litatha kale mphamvu mwini wake osadziwa.

Za mtundu, palibe umodzi woposa yonse kulikonse. Cimene diso ligwira ndi kusiyana kwa cinthu ndi zimene ziri kumbuyo kwake. Ofufuza a ku Israel anapeza mu 2012 kuti m'tauni zobvala zoyera ndi zonyezimira zinaoneka bwino, koma pa mseu wa kunja kwa tauni, pamene kumbuyo kwa woyendetsa kunali thambo lowala lokha, zobvala zakuda ndizo zinaoneka msanga. M'kuona kwanga, cikasu cobiriwira cija cimasowa pakati pa minda ya cimanga ndi udzu wa February, ndipo la mtundu wa lalanje lioneka bwino nthawi imeneyo.

KUPATSA SI KUBVEKA

Mabungwe ena amagawa majekete aulere pa misonkhano, ndi kujambula zithunzi. Ku Moshi m'dziko la Tanzania ofufuza anatsatira mphatso zoterezi. Pa oyendetsa njinga zonyamula anthu 180, theka anapatsidwa majekete aulere, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014. Poyamba obvala anali atatu cabe pa 100 alionse. Atalandira mphatsoyo, obvala anangofika pafupifupi munthu mmodzi yekha mwa khumi. Enawo sanawabvale. Kukakamiza nakonso kuli ndi mabvuto ake. Boma la France linalamula mu 2012 kuti oyendetsa njinga zazikulu azibvala zonyezimira, koma iwo anakana kwambiri, ndipo lamulolo linafafanizidwa lisanagwire nchito. Kuyambira 2016 afunika kungonyamula jeketelo ndi kulibvala njinga ikawafera pamseu.

Amene angasinthe zinthu kwa Mphamba ndi wokwera. Mai amene asankha honda ya woyendetsa wobvala bwino ndi kusiya inayo, aphunzitsa anyamata a pa siteji msanga kuposa msonkhano.

Tikaika zinthu m'ndondomeko yake, nyale ndiyo yoyamba. Dziko la Malaysia litalamula mu 1992 kuti njinga za moto ziziyatsa nyale masana, ngozi zocokera pa kusaoneka zinatsika ndi magawo 29 pa 100. Anyamata ena amazimitsa nyale poganiza kuti asunga batire kapena mafuta, koma injini ikamayenda ipanga yokha magetsi, ndipo mafuta amene nyale idya ndi ocepa kwambiri. Nyale yofiira ya kumbuyo ikafa, igulidwe tsiku lomwelo. Caciwiri ndi cisoti, cimene lamulo la dziko lino lifuna kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe. Jekete liyesa kuletsa ngozi, koma ngozi ikacitika silichinjiriza ngakhale khungu, pamene cisoti comangidwa bwino pacibwano cicepetsa imfa ndi magawo pafupifupi 40 pa 100, ndi kubvulala kwa mutu ndi pafupifupi 70 pa 100. Cikhale coyera ngati cipezeka, monga anaonera a ku Auckland. Jekete libwera pacitatu, ndipo pa zitatuzi ndilo lochipa, kotero palibe cifukwa colisiyira.

Pogula pa msika wa Lundazi cenjerani, pakuti majekete ena ali ndi mizere ya nsalu yotuwa yopanda timikanda. Kuyesa kwake ndi kosabvuta, ndipo kuyenera kucitidwanso pa jekete lakale nyengo ya malonda isanayambe. Usiku mwana abvale jeketelo ndi kuima mapazi makumi asanu kucokera pakhomo. Inu gwirani tochi pambali pa diso lanu, osati m'ciuno, ndi kumuunika. Ngati mizere ing'anima ngati maso a mphaka, jeketelo ndi labwino. Ngati ioneka yotuwa monga masana, lipukuteni ndi nsalu yonyowa ndi kuyesanso, ndipo likakanabe, limenelo ndi la masana okha.