Malaiti a dzuwa angapulumutse amai ndi ana ku Sasare

MAI wapakati akayamba kumva kupweteka pakati pa usiku ku midzi ya ku Sasare, abale ake amathamangira zinthu ziwiri: cokwera ndi nyali. Cokwera cingakhale ngolo ya ng'ombe, njinga yakapalasa kapena njinga yamoto ya mnansi. Koma ngakhale afike bwino ku kiliniki, nkhondo imakhala isanathe. Namwino afunika kuona cimene acita. Afunika kuona ngati mai ataya magazi ambiri, ngati mwana apuma bwino, ndiponso ngati pali pong'ambika pofunika kusoka. Nchito yotere siyenera kugwiridwa ndi kandulo kapena toci ya pa foni yolumidwa kukamwa.

Sasare ndi malo odziwika ndi mgodi wakale wa golide wa nthawi ya atsamunda, kumpoto kwa boma la Petauke. Midzi ya kumeneko, monganso ya ku Ukwimi ndi ya ku cigwa ca Luangwa m'boma la Nyimba, ndi yotalikirana. Njira zambiri ndi zafumbi ndipo zimavuta m'dzinja. Kukoka nthambo za ZESCO kufika pa mudzi uliwonse kumadya ndalama zambiri. Ici ndico cifukwa cake maso a anthu ali pa dzuwa, limene siliperewera m'Cigawo ca Kum'mawa.

Cipatala copanda malaiti

Mu Januwale 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO pamodzi ndi mabungwe ena linaulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 1 biliyoni amathandizidwa m'zipatala zopanda malaiti kapena zokhala ndi malaiti osadalirika. Kuno ku Africa kumwera kwa cipululu ca Sahara, zipatala 15 mwa zipatala 100 zirizonse zinalibiretu malaiti.

Malaiti m'cipatala si nyali cabe. Katemera wa ana ayenera kusungidwa pozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa mphamvu yake imacepa, ndipo mwana angalasidwe nyereti koma osatetezedwa mokwanira ku cikuku kapena matenda ena. Mankhwala a oxytocin, amene amaletsa mai kutaya magazi atangobereka, naonso afuna firiji. Makina opatsa mpweya mwana wodwala cibayo, makina oonera tizirombo ta TB ndi malungo, pampu yokweza madzi mu thanki, ngakhale foni yoitanira ambulansi kucokera ku Petauke kapena Nyimba, zonsezi zifuna mphamvu ya malaiti.

Caka ca 2024 cinationetsa kuti ngakhale amene ali ndi nthambo za ZESCO sangagone tulo. Cirala cinacepetsa madzi m'damu la Kariba, ndipo pa 29 Febuluwale Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Popeza mbali yaikuru ya malaiti a Zambia imacokera ku madzi, malo ena anakhala mu mdima maola 20 kapena kuposerapo pa tsiku.

Nyimba inayamba kale

Ambiri sadziwa kuti nzeru yogwirizanitsa othandiza ndi amalonda pa nkhani ya malaiti a dzuwa inayesedwa kale m'cigawo cathu cino. Mu 1998 Dipatimenti ya boma yoona za mphamvu, ndi thandizo la bungwe la Sida la ku Sweden ndi akatswiri a Stockholm Environment Institute, inayambitsa nchito yokhazikitsa makampani ang'onoang'ono atatu: NESCO ku Nyimba, CHESCO ku Chipata ndi LESCO ku Lundazi. Onse pamodzi anapatsidwa zipangizo za nyumba 400. Nyimba inalandira 100, ndipo Chipata ndi Lundazi analandira 150 aliyense.

Kayendetsedwe kake kanali kotere. Mwini nyumba sanagule sola. Kampani ndiyo inaika panelo ya mawati 50 pa denga, batire ndi nyali zingapo, ndipo mwini nyumba anali kulipira mwezi ndi mwezi monga lendi. Amisiri a kampani anali kuyendera nyumba kuona mabatire ndi kukonza zoonongeka. Anthu anaikonda nchito imeneyi kotero kuti ofuna anaposa zipangizo zimene zinalipo. Ana a sukulu anapeza powerengera usiku.

Koma panalinso zophunzira. Ambiri amene anakwanitsa kulipira anali aziphunzitsi, anchito a boma ndi ena olandira malipiro pa mwezi, osati mlimi wodikira kugulitsa thonje kapena nsawawa kamodzi pa caka. Mabatire anali kufa msanga kamba ka kuwagwiritsa nchito mopitirira, ndipo kukwera mitengo kwa zinthu kunacititsa kuti ndalama ya pa mwezi isakwanire kugula ena atsopano. Phunziro la ku Nyimba ndi lakuti kuika panelo pa denga ndi nchito ya tsiku limodzi, koma kuisunga kuti izigwira nchito ndi nchito ya zaka.

Nyali zazing'ono, malipiro apang'onopang'ono

Mu 2006 ku Britain kunabadwa bungwe losapanga phindu la SolarAid, limene linayamba ndi ndalama zocokera ku phindu la kampani ya Solarcentury. Bungweli linafika ku Zambia mu 2008, ndipo m'malo mogawa nyali zaulere linatsegula bizinesi yake yochedwa SunnyMoney. Nyali zazing'ono za dzuwa zinagulitsidwa kudzera m'masukulu, aziphunzitsi aakulu ndiwo anali kulandira maina a makolo ofuna kugula. Maganizo ake anali akuti cinthu cogula munthu amacisamala, ndiponso wamalonda amabweranso, pamene wopatsa mphatso amabwera kamodzi.

Mu 2016 dziko la Sweden linakhazikitsa thumba la ndalama la Beyond the Grid Fund for Zambia, loyendetsedwa ndi bungwe la REEEP, ndi colinga cofikira anthu 1 miliyoni, ndipo ciwerengero cimeneci cinadzakwana. Makampani monga Vitalite ndi Fenix International anali kulandira thandizo molingana ndi nyumba zimene aziwalitsadi. Njira yolipira inasintha: munthu apereka ndalama yoyamba, atenga sola kunyumba, kenaka alipira pang'onopang'ono pa foni mpaka itakhala yake. Akaleka kulipira, sola imadzitseka yokha.

Kwina makampani anamanga malo amodzi a mapanelo ambiri ndi kukoka nthambo m'mudzi. Kampani ya Muhanya Solar inacita izi ku Sinda, ndipo mu 2019 kampani ya ENGIE inatsegula malo otere m'mudzi wa Chitandika kufupi ndi Chipata. Njira imeneyi iyenda bwino pamene nyumba, masitolo, sukulu ndi kiliniki ziri pafupipafupi. Ku midzi yobalalika monga yambiri ya ku Sasare, sola ya nyumba imodziimodzi ndiyo ingafike msanga.

Cifukwa ninji othandiza afunika amalonda, ndipo amalonda afunika othandiza? Wamalonda payekha saona phindu lotumiza galimoto ulendo wautali pa njira yoipa kukagulitsa sola zisanu. Bungwe lothandiza palokha limagwira nchito zaka zitatu kapena zisanu, ndalama zikatha licoka. Akagwirizana, wothandiza acepetsa mtengo ndi kusenza mbali ya cioopsezo, wamalonda atsala kugulitsa, kukonza ndi kusunga zosinthira. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Umoyo wa pa nyumba

Phindu la nyali ya dzuwa liyambira m'nyumba mwenimweni. Koloboi imatulutsa utsi umene ana amapuma pamene awerenga kapena agona, ndipo utsiwo ukwiyitsa maso ndi cifuwa. Kandulo yoiwalika pafupi ndi neti ya udzudzu kapena pansi pa denga la udzu yaocha nyumba zambiri. Palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa ana amamuyesa madzi. Mwana akamwa palafini musamusanzitse, pakuti angalowe m'mapapo; thamangirani naye ku cipatala. Nyali yoyenda nayo ithandizanso popita ku cimbudzi usiku, kumene njoka ndi zinkhanira zimaluma anthu osaona popondapo.

Ku makiliniki, mafiriji atsopano a katemera ochedwa solar direct drive sasowa batire. Masana dzuwa likawala amaumitsa madzi amene ali m'kati mwa zipupa zake, ndipo kuzizira kwa madziwo ndiko kumasunga katemera usiku wonse ndi masiku a mitambo. Bungwe la Gavi lathandiza maiko ambiri a mu Africa kugula mafiriji otere. Ici cacotsa vuto lakale la mafiriji a palafini ndi gasi, amene anali kuzima mafuta akatha. Koma firiji ya katemera si yosungiramo nyama kapena maheu, ndipo mapanelo ake si ochajira mafoni a mudzi wonse.

Cenjerani ndi izi

Walira mvula walira matope. Coyamba ndi nkhongole. Musanasaine pepala, funsani kuti ndalama zonse pamodzi zidzakhala zingati, mudzalipira miyezi ingati, ndipo cidzacitika ndi ciani mukalephera kulipira mu Januwale ndi Febuluwale pamene nkhokwe ziri zopanda kanthu. Banja lisagulitse cimanga ca ana cifukwa ca wailesi yakanema.

Caciwiri ndi katundu wonama. M'misika muli nyali zochipa zimene zimafa pakapita milungu yocepa. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, tengani lisiti ndi pepala lolonjeza kuti adzakonza kapena kusintha cinthuco cikafa, ndipo dziwani kumene mmisiri wao apezeka.

Cacitatu ndi mabatire akufa. Mabatire aakulu onga a galimoto ali ndi mtovu ndi asidi. Mtovu ndi poizoni amene aononga ubongo wa mwana mwakacetecete, monga taonera ku Kabwe kumene mgodi wakale unasiya mtovu m'nthaka. Musaswe batire, musataye madzi ake pafupi ndi citsime, ndipo musalole ana kuseweretsa. Ibwezeni kwa wogulitsa. Batire ikhale pamalo opita mphepo, kutali ndi moto.

Nchito ya makomiti

Kuyambira mu 2022 ndalama za citukuko za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, ndipo zakhala zikuonjezedwa m'zaka zotsatira. Anthu a ku Sasare ndi midzi yozungulira angapereke pempho la malaiti a ku kiliniki, a nyumba yodikirira amai apakati ndi a nyumba za anamwino kudzera mu komiti ya citukuko ya wadi yao. Bungwe la boma la Rural Electrification Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2003, nalonso nchito yake ndi kufikitsa malaiti ku midzi.

Bungwe kapena kampani ikabwera ndi mphatso ya sola ku kiliniki, komiti ya zaumoyo, mafumu ndi anyakwawa alandire ndi manja awiri, koma afunse mafunso asanayambe kuvina. Kodi zipangizozi mwini wake ndani? Zikafa tidzaitana yani, ndipo adzabwera patapita masiku angati? Ndalama ya batire yatsopano idzacokera kuti? Ndani pa mudzi pano adzaphunzitsidwa kusamalira? Mayankho alembedwe pa pepala ndipo pepalalo lisungidwe ku kiliniki.

Zina mungacite nokha popanda ndalama. Fumbi la mu Okutobala limacepetsa mphamvu ya panelo, conco ipukuteni ndi nsaru yofewa ndi madzi oyera m'mawa isanatenthe. Dulani nthambi zoiphimba. Ikani alonda pakuti mapanelo amabedwa, ndipo wakuba panelo ya ku kiliniki waba katemera wa mwana wake yemwe.

Inu azibambo amene akazi anu ali ndi pakati, pokonza citenje, beseni ndi zovala za mwana, ikaniponso nyali ya dzuwa yochajidwa bwino ndi foni ya moto. Ndipo masiku akayandikira, perekezani amai ku nyumba yodikirira dzuwa likali kuwala.