KUŴERENGA ALENDO A SITOLO YA PA INTANETI

Kuyambira ku msika wa Limbe, kutsata mseu wa Masauko Chipembere mpaka ku Ginnery Corner, zikwangwani za masitolo zasintha. Pansi pa dzina la telala, wophika makeke kapena wogulitsa zipangizo za galimoto, masiku ano pamalembedwanso adiresi ya pa intaneti. Kuno ku Kanjedza makolo ena apereka ndalama kwa ana awo, zina zokongola ku banki m'khonde, zina za penshoni, kuti atsegulitse webusaiti ya bizinesi ya banja. Koma mukafunsa kuti, "Kodi mwezi wathawu webusaitiyo yabweretsa ogula angati?" kaŵirikaŵiri mnyamata amangokanda kumutu nanena kuti anthu akuikonda.

Mai wogulitsa tomato pa benchi sasoŵa womuuza mmene malonda ake akuyendera. Amaona ndi maso ake amene wangodutsa, amene waima nafunsa mtengo, ndi amene watulutsa ndalama. Pa intaneti maso otere palibe. Munthu angathe kuloŵa, kuyang'ana katundu yense ndi kutuluka, mwini wake osadziŵa kanthu. Nchifukwa chake panapangidwa zida zoŵerengera alendo, ndipo chodziŵika kwambiri ndi Google Analytics, chimene kampani ya Google inayamba kupereka mwaulere m'chaka cha 2005. Mtundu wake wakale unaleka kugwira ntchito pa 1 Julaye 2023, kotero kuti amene akuyamba lero aphunzire mtundu watsopano wotchedwa GA4, ndipo asataye bandulo yake pa mavidiyo ophunzitsa zakale.

Kayambidwe kake nkosavuta. Munthu amatsegula akaunti ya Google, nalembetsa dzina la bizinesi ndi adiresi ya webusaiti. Akatero amapatsidwa nambala yoyamba ndi chilembo cha G, pamodzi ndi mizere yochepa imene wopanga webusaiti amaiika m'tsamba lililonse. Pofuna kutsimikiza kuti zatheka, mutsegule webusaitiyo pa foni yanu ndi kuyang'ana pa gawo lotchedwa Realtime, limene limaonetsa anthu amene aloŵa m'mphindi 30 zapitazo. Mukadziona nokha pamenepo, ndiye kuti chida chayamba ntchito. Malipoti enawo amatenga tsiku limodzi kapena aŵiri kuti adzaze.

Pano makolo tcherani khutu. Akauntiyo ilembedwe m'dzina la mwini bizinesi, osati la mnyamata amene munamulemba ganyu yopanga webusaiti. Iye mungomupatsa chilolezo choloŵamo. Anthu amayambana, ena amasamukira ku Johannesburg, ndipo mbiri yonse ya malonda anu ingathe kupita naye. Muuzenso kuti asinthe nthaŵi yosungira tsatanetsatane wa alendo kuchoka pa miyezi 2 kufika pa miyezi 14, pakuti popanda kutero mudzavutika kuyerekeza bwino nyengo ya chaka chino ndi ya chaka chatha.

Tsono tifike pa mutu weniweni. Ife aphunzitsi timaitana maina m'kaundula m'maŵa uliwonse, koma palibe mphunzitsi wanzeru amene amanyadira kuti kalasi lake ladzaza pamene ana ake akulephera mayeso a Sitandade 8. Kubwera nkwina, kukhoza nkwina. Chida chija chikatsegulidwa, chiŵerengero choyamba kukopa maso ndi cha alendo, ndipo ndicho chimene chimanyenga achinyamata ambiri. Musanayang'ane nambala ina iliyonse, khalani pansi ndi kugwirizana kuti mlendo achite chiyani kuti muti wapindulitsa. Pakati pathu anthu ochepa okha ndiwo amalipira pa webusaiti pomwepo. Ambiri amaona katundu, natumiza uthenga pa WhatsApp kapena kuimba foni, kenaka nkulipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, mwinanso kubwera okha ku sitolo. Choncho chinthu choyenera kuŵerenga ndi kudina pa batani la WhatsApp kapena pa nambala ya foni. GA4 imalola kuti chochitika chotere chiikidwe chizindikiro chapadera, chimene amachitcha key event, ndipo wopanga webusaiti wodziŵa ntchito yake angathe kukonza zimenezi tsiku limodzi.

Tiyerekeze telala wosoka mayunifomu a sukulu ndi zovala za pa chinkhoswe. M'mwezi wa Ogasiti webusaiti yake yalandira alendo 600. Mwa iwo 400 abwera kuchokera pa Facebook, ndipo 4 okha ndiwo adina pa WhatsApp. Ena 60 abwera atalemba pa Google mawu ofunafuna telala wa mayunifomu ku Limbe, ndipo mwa ameneŵa 12 atumiza uthenga. Woyang'ana mwachangu adzati Facebook ndiyo ikugwira ntchito, nathamangira kukalipira malonda kumeneko, amene amalipidwa ndi ndalama zakunja zimene zinakwera mtengo kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Woyang'ana modekha adzaona kuti pa Facebook munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse ndiye wafunsa, pamene pa Google ndi mmodzi pa anthu 5, ndipo adzaika mphamvu zake pa kulemba bwino mitengo, masaizi ndi malo a sitolo m'tsamba la mayunifomu sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala. Ndi masamu a magawo amene timaphunzitsa ku pulaimale, palibenso china.

Nambalazi zili ndi zolakwa zake. Mnyamata amene amatsegula webusaiti yake kakhumi pa tsiku kuti aisirire akudziŵerenga yekha. Munthu mmodzi akaloŵa pa foni ndiponso pa kompyuta ya ku ofesi amaŵerengedwa ngati anthu aŵiri. Linki yotumizidwa m'gulu la WhatsApp kaŵirikaŵiri imaoneka pansi pa mawu akuti Direct, ngati kuti munthuyo analemba adiresi yekha, ndipo potero WhatsApp imamanidwa ulemu wake. Mankhwala ake ndi kuwonjezera kumapeto kwa linki timawu tozindikiritsa totchedwa UTM musanaitumize. Dzina la mzinda silimalondola nthaŵi zonse kwa oloŵa pa foni, koma la dziko nlodalirika ndithu. Mukaona alendo ochokera ku South Africa musawanyoze: mwina ndi abale athu amene akufuna kulipirira mwana yunifomu kapena mlongo wawo diresi la ukwati, ndipo chimene akusoŵa ndi kudziŵa mmene angatumizire ndalama. Koma alendo mazanamazana ochokera ku dziko lachilendo amene sakhala ndi kamphindi komwe, amenewo nthaŵi zambiri ndi makina chabe. Chimodzimodzi anthu amene amagulitsa "otsatira" a pa Facebook, amakugulitsani maina opanda matumba.

Amene alibe webusaiti asadandaule. Tsamba la bizinesi la Facebook lili ndi ziŵerengero zakezake zaulere, ndipo sitolo yolembetsedwa pa mapu a Google imauzidwa kuchuluka kwa anthu amene anaimba foni kapena kufunsa njira. Pa zonsezi kumbukirani kuti kuyambira 2024 dziko la Malaŵi lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu, limene likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA. Manambala a foni a makasitomala si ogaŵira anzanu, ndiponso Google yomwe imaletsa kuloŵetsa maina ndi manambala a anthu m'chida chake.

Chida chomalizira ndi kope la ana a sukulu. Loŵeruka lililonse madzulo, kholo ndi mwana alembe pa mzere umodzi alendo a sabatayo, amene adina pa WhatsApp, amene aguladi, ndi ndalama zimene zaloŵa. Zinthu ziŵiri zomalizazo kompyuta sizidziŵa, zimachokera kwa munthu wa pa kauntala amene amafunsa wogula aliyense kuti, "Munamva bwanji za ife?" Musasinthe kanthu chifukwa cha sabata imodzi, pakuti mvula, kuzima kwa magetsi kapena kutha kwa mwezi kungathe kugwedeza nambala za bizinesi yaing'ono. Dikirani miyezi itatu, ndipo kopelo likadzaza masamba angapo, banja likhale pansi kukambirana ngati ndalama za webusaiti zilipiridwenso chaka chamaŵa.