Kukolola Ndiwo za Kuseri kwa Nyumba Chisanu Chisanafike

Mvula ikamatsazika m'mwezi wa Epulo, timinda ta kuseri kwa nyumba za ku Nsungwi, m'dera la Area 25 mumzinda wa Lilongwe, timaoneka ngati sitidzatha. Maungu amakhala atayanga mpaka pampanda, khwanya ndi chitambe zili biriwiri, pamene bonongwe ndi chisoso zikungodzimerera zokha m'mizere. Koma kuchuluka kwa ndiwo kumeneku n'kwa masabata owerengeka chabe. Banja limene silichitapo kanthu pakati pa Epulo ndi Meyi limadzatulutsa ndalama m'mwezi wa Okutobala kugula ndiwo zomwe zija lidazilekerera kuti ziumire m'munda.

Timinda totere sitidayambe lero. Pamene likulu la dziko lidasamuka kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe m'chaka cha 1975, anthu ambiri adachoka m'midzi kudzafuna ntchito m'maofesi ndi m'mafakitale a ku Kanengo. Podzakhala m'malo monga Area 25, iwo adabwera ndi nthanga za maungu, nyemba ndi khobwe, nazibzala pa kamalo kotsala pa poloti. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mzindawu uli ndi anthu pafupifupi 990,000. Malo olima akuchepa, komabe kamunda ka mizere isanu kapena isanu ndi umodzi kakupulumutsabe mabanja ambiri pamene malipiro atha mwezi usanathe.

Mdani wa kamunda kameneka ndi chisanu. Mzinda wa Lilongwe uli pamtunda wa mamita oposa pang'ono 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi kutentha kwa usiku kumatsika kawirikawiri kufika pansi pa madigiri 10. Chisanu chenicheni, chija chimasandutsa mame kukhala ayezi, chimadziwika kwambiri kumalo okwera monga ku Dedza ndi ku Nyika. Mu Lilongwe sichigwa chaka ndi chaka, ndipo chikagwa chimayambira m'madambo ndi m'zigwa za mitsinje.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Masana nthaka imalandira kutentha kwa dzuwa, usiku n'kukubweza kumwamba. Kukakhala mitambo, kutenthako kumatsekerezedwa monga momwe bulangete limasungira kutentha kwa thupi. Koma usiku wa nyenyezi mbuu, wopanda mtambo ndi mphepo, nthaka imazizira msanga. Mpweya wozizira ndi wolemera, tsono umatsetsereka ngati madzi n'kukaunjikana pamalo otsika. N'chifukwa chake munthu wa dimba la kudambo amatha kulira pamene mnzake wa kumtunda sadaone kanthu. Kuzizira kukapitirira madigiri 0, madzi a m'kati mwa tsamba amaundana n'kung'amba timinofu take, ndipo dzuwa likatuluka tsambalo limada ngati lawauka ndi moto.

Mbewu sizipirira mofanana. Maungu, nyemba, matimati ndi mbatata kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo zidafika mu Africa pambuyo pa chaka cha 1500. Zonsezi sizigwirizana ndi chisanu. Ngakhale mame asaundane, kuzizira kokha kumaimitsa kukula kwake. Matimati amayoyola maluwa osabala, ndipo masamba a maungu amakalamba n'kuyamba kuyera ngati awazidwa ufa. Khobwe, ngakhale ndi wa mu Africa momwe muno, nayenso amakonda kutentha. Kabichi ndi repu, zimene zidachokera ku Ulaya, ndizo zimakondwa nayo nyengo yozizira.

Wodziwa zimenezi amayamba kukolola zosachedwa kuonongeka, ndiwo masamba. Amayi amathyola nkhwani, khwanya ndi chitambe zikadali zanthete, m'mawa mame atakamuka. Nkhwani amausadzula kuti achotse mitsitsi yake, kenaka masambawo amawafutsa, ndiko kuti kuwaviika m'madzi owira kwa mphindi zochepa. Kufutsa kumathandiza kuti ndiwo zisataye msanga mtundu ndi kukoma kwake pozisunga. Kuwiritsa nthawi yaitali n'kulakwitsa, pakuti zofunika m'thupi zimatsalira m'madzi. Akatero amaziyanika mopyapyala pamphasa yoyera kapena pathandala, kutali ndi nkhuku ndi fumbi. Pamthunzi podutsa mphepo ndi pabwino koposa padzuwa lamphamvu, chifukwa dzuwa limaononga mbali ina ya chakudya chimene thupi limapangira vitamini A, wothandiza maso ndi kukula kwa ana. Mfutso wauma bwino ngati ukufumbutuka poufinya m'manja.

Kumudzi mfutso amaukulunga m'masamba a msuku, kuumanga ndi luzi n'kupanga chikwatu, chimene amachipachika m'khitchini momwe utsi umapirikitsa tizilombo. M'tauni masamba a msuku ndi osowa, koma chitini kapena ndowa yokhala ndi chivundikiro imagwira ntchito yomweyo, malinga ngati chinyezi sichilowamo. Therere lobala nalonso amaliduladula n'kuliyanika.

Zikatha zamasamba, ntchito imatembenukira ku zobala. Dzungu lokhwima limadziwika ndi khungu lolimba losalowa chikhadabo. Polidula ndi bwino kulisiyira kamtengo kake kotalika ngati chala, chifukwa dzungu lothothoka limayambira kuwola pabala pomwepo. Losungidwa pouma ndi podutsa mphepo limakhala miyezi ingapo. Matimati okhwima koma osapsa amatha kupsera m'nyumba akaikidwa m'lichero. Mbatata zosatemeka ndi khasu zimasungidwa m'nkhuti zitawazidwa phulusa, pamene zotemeka ndi zoyenera kudyeratu kapena kuzilenga n'kuziyanika kuti zikhale makaka. Pomaliza pali mbewu ya chaka chamawa. Nthanga za dzungu lokoma koposa, nyemba ndi khobwe ziume bwino, ndipo nyemba ndi khobwezo zisakanizidwe ndi phulusa poopa anankafumbwe.

Mizere ikatsala yopanda kanthu, nthawi ya mpiru, repu, tchayinizi, kabichi ndi anyezi yakwana. Wofesa nazale mu Epulo amaokera mu Meyi, ndipo m'miyezi yozizira amakhala akuthyola ndiwo zaziwisi. Vuto la m'tauni ndi madzi, popeza a pampopi ndi olipira. Kuphimbira mabedi ndi udzu kapena mapesi kumachepetsa kuuma kwa nthaka, ndipo madzi otsukuluzira mbale, ngati alibe sopo wambiri, sayenera kutayidwa pabwalo. Madzulo kumwamba kukayera ndipo mphepo ikaleka, mbewu zanthete zikhoza kufunditsidwa masaka kapena udzu, n'kuzivundukula dzuwa likatuluka.

Aphunzitsi ali ndi mwayi waukulu pankhaniyi. Mabuku ambiri a Chingerezi amasimba za nyengo zinayi za ku England, kumene masamba amayoyoka kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Kuno masika amagwa mu Epulo ndi Meyi, ndipo mwana amamvetsa msanga za kutentha ndi kuzizira akayeza yekha m'mamawa pamtunda ndi kudambo, n'kuyerekeza zimene wapeza. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu koma sadapeze ntchito asanyoze khasu ndi mphasa, pakuti mfutso waukhondo umapeza ogula ndiwo zikasowa.

Akuluakulu adati Zengerezu adalinda kwawukwawu. Chisanu sichitumiza mthenga, ndipo tsamba likada silibwereranso. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, zitsime zina zitaphwa ndipo mulu wa mpiru pamsika utachepa, nyumba imene idafutsa mu Epulo imangotapa mfutso pang'ono, kutendera ndi nsinjiro, ana n'kudya nsima mokhuta.