Kodi theme yakuda imasungadi moto m'foni?

Sabata yatha mnyamata wina wa Fomu 3 anasintha theme ya foni ya mayi ake kukhala yakuda, ati batire lizikhalitsa magetsi akazima. Kenako anadzandifunsa: "Aphunzitsi, zimathandizadi?" Ndinamuuza kuti zitengera sikirini yake.

Tengani lens ya ku labu, muyang'anire malo oyera pa sikirini. Choyera simuchiona ayi. Muona timadontho tofiira, tobiriwira ndi tabuluu. Titatu timeneti timapanga pixel imodzi, ndipo kalikonse kamawala pa mlingo woyambira 0 mpaka 255. Chulukitsani 256 × 256 × 256, mupeza mitundu 16,777,216. Kofiira ndi kobiriwira tikayaka limodzi, diso limaona chikasu (musayese ndi penti, mungopanga matope).

Pa sikirini ya OLED, kadontho kalikonse kamatulutsa kuwala kwakekwake. Pamene pali pakuda ndiye kuti tonse titatu tazima, batire n'kupumako. LCD ndi nkhani ina. Kumbuyo kwake kuli nyali yowalitsa sikirini yonse, ma pixel amangotchinga kuwalako ngati katani. Muike chakuda, nyali ija ikudyabe moto. Mafoni ambiri otchipa ndi a LCD, ndipo ya mayi aja inali yotero. Mnyamatayo anakhumudwa ndithu.

Kuti mudziwe yanu, lowani m'chipinda chamdima, mutsegule chithunzi chakuda bii. Sikirini ikamaoneka motuwa, imeneyo ndi LCD, ndiye ingotsitsani brightness, chifukwa moto ukuthera pa nyali ija.