Alonda a nyali ya pa Eddystone

Ukayenda makilomita pafupifupi 20 pa nyanja kuchokera padoko la Plymouth, ku England, umafika pa matanthwe otchedwa Eddystone. Madzi akadzaza, ambiri a matanthwewo amabisala, ndipo zombo zakhala zikusweka pamenepo kuyambira kalekale. Nsanja zinayi za nyali zamangidwa pamalowa motsatizana. Mabuku amakonda kutamanda amisiri amene anazimanga, koma anthu amene ankagona ndi kudzuka m'menemo, kuti moto usazime ngakhale usiku umodzi, satchulidwa kawirikawiri.

Nsanja yoyamba, ya Henry Winstanley, inayatsidwa mu 1698. Inali yamatabwa, ndipo namondwe wa mu Novembala 1703 anaikokolola yonse, mwini wakeyo ali momwemo ndi anthu ena asanu.

Yachiwiri, ya John Rudyerd, inatha zaka zoposa 40 kenaka n'kupsa mu Disembala 1755. Usiku umenewo amene ankalondera anali Henry Hall, nkhalamba ya zaka 94. Ataona kuti denga lagwira moto, anayamba kuthira madzi m'mwamba ndi ndowa, maso kudenga, kukamwa kuli yasa! Mtovu wa padengapo unasungunuka n'kumugwera, wina n'kulowa kukhosi. Boti litawapulumutsa iye ndi anzake awiri, Hall anauza dokotala Edward Spry kuti wameza mtovu, koma zinali zovuta kumukhulupirira. Anamwalira patatha masiku 12. Atamung'amba anapeza m'mimba mwake chibenthu cha mtovu cholemera pafupifupi magalamu 200, chimene mpaka lero chikusungidwa kumalo osungirako zinthu zakale ku Edinburgh.

Komatu ngozi zoterezi zinali za apo ndi apo. Ntchito yeniyeni inali yobwerezabwereza ndiponso yofuna munthu wosagonja ku tulo. Mu nsanja yamiyala ya John Smeaton, imene inayatsidwa mu 1759, kuwala kunkachokera ku makandulo 24 a mafuta a nyama. Makandulo otere amafuka utsi ndipo chingwe chake chikapserera, lawi limachepa. Choncho mlonda ankadula zingwezo mphindi 30 zilizonse mpaka kucha. Nyali zamafuta zitalowa m'malo mwa makandulo mu 1810, ntchito inangosintha maonekedwe. Tsopano kunali kukweza mafuta pamakwerero, kupukuta mwaye pamagalasi, kuchotsa mchere umene mafunde ankasiya pamawindo, ndi kulemba m'buku za mphepo ndi nyengo. Nkhungu ikagwa nyali sinkathandiza kwenikweni, ndiye m'zaka zam'tsogolo alonda ankachenjeza zombo ndi mabelu, kenaka ndi zida zophulika, ngakhale zitatenga usana ndi usiku wonse.

Pa nsanja za pakati pa nyanja pankakhala amuna atatu, wamkulu mmodzi ndi omuthandiza awiri. Lamuloli linakhazikika chifukwa cha zimene zinachitika pa nsanja ya Smalls, ku Wales, cha m'ma 1801. Kumeneko kunali alonda awiri okha, Thomas Howell ndi Thomas Griffith, anthu odziwika kuti sankamwerana madzi. Griffith atamwalira, Howell anaopa kutaya mtembo m'nyanja kuti angamuganizire kuti wapha mnzake. Anaukhomera bokosi n'kulimangirira kunja kwa nsanja, n'kumayatsabe nyali yekhayekha, moyang'anizana ndi malirowo, kufikira boti litabwera. Akuti anabwerera kumtunda atasinthiratu, moti ena sanamuzindikire.

Bungwe la Trinity House, limene limayang'anira nyali za ku England ndi Wales, linkapereka miyezi iwiri pathanthwe ndi mwezi umodzi kunyumba. Izi zinali za papepala chabe. Nyanja ikakalipa boti silinkayandikira, ndipo munthu ankawonjezera milungu ingapo akudya nyama ya m'zitini, banja likudikira kumtunda. Tsiku losinthana likakwana, mlonda ankakokedwa pachingwe kuchokera m'boti, mafunde akuwinduka pansi pa mapazi ake. M'kati mwa nsanja zipinda zinali zozungulira, moti ngakhale mabedi anali okhota potsatira khoma. Wamtali ankagona chopindika. Pofuna ndiwo zatsopano, ena ankaweza nsomba ali pamwamba pa nsanja, kaiti itanyamula mbedza kuipititsa kutali ndi miyala. Kunena zoona, luso lalikulu pantchitoyi linali kupirirana, chifukwa mukayambana panalibe koti n'kukapitidwako mphepo.

Thanthwe limene panali nsanja ya Smeaton litayamba kukumbika ndi mafunde, James Douglass anamanga yachinayi, yotalika mamita 49, imene inayamba ntchito mu 1882. Mbali yam'mwamba ya nsanja ya Smeaton anaiphwasula mwala ndi mwala n'kukaimanganso ku Plymouth Hoe, kumene alendo amakwerako lero.

Mu 1980 pamwamba pa nsanja ya Douglass anaikapo potera helikopita, ndipo mu 1982 alonda anachoka, makina n'kutenga malo awo. Alonda omaliza m'dziko lonse la England anatseka chitseko cha nsanja ya North Foreland mu Novembala 1998. Nyali ya pa Eddystone ikadathwanimabe kawiri pa masekondi 10 alionse, koma amene amaiyang'anira amakhala mu ofesi ku Harwich, pa kompyuta.