Upolisi si perete yekha ayi

Mwezi wathawu kwathu kudali kamsonkhano ka banja komwe kadatsala pang'ono kuthera mumkangano. Mdzukulu wanga wamkazi, yemwe adakhoza bwino mayeso a Fomu 4, adatiuza kuti akufuna kukaphunzira za chitetezo ndi malamulo ku yunivesite, ndipo akakatenga digiri yakeyo akalowe ntchito ya polisi. Bambo ake, omwe ndi mwana wanga wachisamba, adangoti kukamwa yasa.

"Ndivutike zaka zinayi ndi fizi, mapeto ake ukaime pa rodibuloko? Agogo akowa adalowa ndi JC, si awa adapuma bwinobwino?"

Onse adacheukira kwa ine. Tsiku limenelo sindidayankhe zogwira mtima, koma nkhaniyi yandisowetsa tulo, n'chifukwa chake ndati ndiitule pano.

N'zoona, ndidalowa polisi ndi JC m'chaka cha 1981. Ku Kanjedza, kusukulu ya apolisi ku Limbe, adatisula ndithu. Kudzuka tambala asanalire, kuthamanga, kuguba, kupolisha nsapato mpaka kudzionerapo nkhope, kumasula ndi kumanga mfuti. Malamulo ankatiphunzitsanso, koma ife tinkangoloweza ngati katekisimu. Phunziro lomwe lidatilowa m'magazi lidali limodzi: bwana akalamula, chita, usafunse.

Nanga kumvera koteroko kudatifikitsa pati? Mu May 1983 dziko lidauzidwa kuti a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga afa pangozi ya galimoto ku Mwanza. Bungwe lofufuza lomwe boma lidakhazikitsa mu 1994 lidapeza kuti akuluakuluwo adachita kuphedwa, ndipo amene adagwira ntchito yonyansayo adali apolisi ochita kutumidwa. Anthu amenewo ankavala yunifolomu yonga yanga, ankaguba ngati ine. Akadatuma ine, kodi ndikadakana? Funso limeneli ndimaliopa mpaka lero.

Matipate atabwera, zinthu zidasintha papepala. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adati munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe akumva, ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mu 1997 kudayamba ndondomeko yoti apolisi azigwira ntchito limodzi ndi anthu m'midzi ndi m'matauni. Mu 2010 kudabwera lamulo latsopano la polisi. Koma abale anzanga, kusintha lamulo n'kosavuta, chovuta n'kusintha mutu wa munthu wogwira unyolo. Pazionetsero za pa 20 July 2011 anthu 20 adataya miyoyo. Ndipo mpaka mu 2017 m'pamene Khoti Lalikulu lidathetsa ndime ija ya vakabu yomwe tinkatolera nayo anthu usiku, litadandauliridwa ndi wogulitsa majumbo wina wa ku Blantyre yemwe adagwidwa m'bandakucha akupita kumsika. Ine ndemwe ndidatsekera anthu angati m'chitokosi pa vakabu, mlandu wao kungoti ndi amphawi oyenda pansi? Sindidadzifunsepo, chifukwa palibe adandiphunzitsa kufunsa.

Apa ndi pamene ndikusiyana maganizo ndi mwana wanga. Iye akuona rodibuloko basi. Sadziwa kuti ntchito yeniyeni ya polisi imathera kukhoti, ndipo kukhoti sakugubako.

Ndikumbukira mlandu wina wothyola golosale pasiteshoni ina yomwe ndinkagwira. Mbava tidaigwira, aliyense m'deralo ankadziwa kuti ndi yomweyo. Koma chitsulo chomwe adathyolera chitseko tidachigwiragwira tonse, mpaka anyakwawa adachinyamulako, tsono zidindo za zala zikadapezeka za yani? Katundu yemwe tidamupeza sitidamulembe bwino, masiteti­menti a mboni ziwiri adasemphana tsiku. Loya adatifunsa mafunso atatu okha, ine thukuta kamukamu. Majisitireti adamasula munthuyo, ndipo mai mwini golosale adandiyang'ana osanena kanthu. Tidalephera osati kaamba kosowa mphamvu, koma kaamba kosowa sukulu.

Musaiwale kuti milandu yambiri m'makhoti a majisitireti amaimira boma ndi apolisi. Mbali inayo nthawi zina kumakhala loya yemwe adatha zaka akuwerenga malamulo ku Zomba. Kodi pamenepo tiyembekeze chiyani ngati wathuyo sadapite patali ndi maphunziro?

Zomwe mdzukulu wangayu akufuna kukaphunzira ndi zomwe ine ndidasowa. Malamulo a milandu ya upandu ndi kayendetsedwe kake. Umboni womwe khoti lingaulandire ndi womwe lingautaye. Kasungidwe ka malo pomwe pachitika upandu. Kafunsidwe ka mwana wogwiriridwa kuti asachite mantha kapena kupwetekedwa kachiwiri. Zifukwa zomwe achinyamata amagwera m'umbava, kaya ndi ulova, kaya chamba, kaya kusweka kwa mabanja. Malire a mphamvu zomwe wapolisi angagwiritse ntchito pagulu la anthu okwiya. Onjezanipo mbava zamakono. Masiku athu wakuba ankaboola khoma. Lero amakhala phee pampando, n'kukuimbira foni, ndalama zako zonse psiti. Ameneyo sungamugwire ndi chibonga.

Mwayi wake maphunzirowa safunanso kukwera ndege. Ku Mzuzu University kuli digiri ya za chitetezo, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a utsogoleri pantchito yosungitsa malamulo.

Komabe ndisakunamizeni, digiri si mankhwala a nthenda zonse. Ophunzira kwambiri ena ndiwo akatswiri pa ziphuphu. Ndipo pali zina zomwe buku silingakupatse: kuziziritsa anthu omwe agwira wakuba ndipo petulo ali kale m'manja, kapena kukagogoda pakhomo pakati pa usiku kukanena za maliro. Zimenezi umaphunzira kwa masajeni okalamba. Choncho wa digiri asabwere ndi matama ofuna ofesi tsiku loyamba. Adutse kaye pa perete ngati anzake, akhale pakauntala, ayende patirolo mvula ikugwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akuluakulu a polisi nawo ndiwapemphe ziwiri. Mwana akabwera ndi maphunziro otere, muikeni kofufuza milandu, koimira boma kukhoti kapena kothandiza ozunzidwa, osati kumusiya akulondera geti la bwana mpaka atakhumudwa n'kuthawira kumabungwe. Chachiwiri, makonsitebulo omwe ali kale pantchito apatsidwe mpata wobwerera kusukulu. Ambiri ndi anzeru, chidawalepheretsa ndi fizi.

Tsono iwe mwana wanga, yankho lomwe ndidalephera kukupatsa tsiku lija ndi ili. Ndidapuma bwinobwino, inde, koma ndili ndi nkhope zingapo zomwe zimandibwerera usiku. Sindifuna mdzukulu wanga adzakhale nazo. Ndikufuna adzakhale wapolisi woti akalamulidwa zosemphana ndi lamulo adzathe kunena mwaulemu kuti, "Bwana, izi n'zosaloledwa," ndipo adzadziwe ndime yake. Za fizi usadandaule wekha. Ng'ombe ziwiri zili m'khola zija ndidagula ndi penshoni ya polisi. Imodzi ipite kumsika, ibwerere komwe idachokera.