Makina Omvetsera Kunjenjemera kwa Nthaka

Mu Seputembala 1963, nyanja ya Kariba itangodzaza, cigwa ca Zambezi cinagwedezeka ndi cibvomezi ca mphamvu pafupifupi 6 pa muyeso wa akatswiri. Zibvomezi zing'onozing'ono zinali zitayamba kale khoma litatsekedwa mu 1958. Akatswiri anatha kuona kuti kulemera kwa madzi ndiko kunadzutsa ming'alu ya pansi, cifukwa panali makina amene anali kulemba kugwedezeka kulikonse, tsiku ndi ola lake.

Makinawa, ochedwa seismometer, amaikidwa pa thanthwe lolimba, kutali ndi misewu ndi zigayo. Komabe makina a pamalo amodzi ali ngati mboni imodzi pa mlandu. Cibvomezi cimatumiza mafunde a mitundu iwiri m'nthaka. Oyamba amathamanga makilomita 6 pa sekondi imodzi, aciwiri amatsalira m'mbuyo, akuyenda atatu ndi theka. Mpata wa pakati pa kufika kwao ndiwo uuza mtunda: sekondi iliyonse ndi makilomita ngati 8. Koma mtunda wokha suuza mbali imene cacokera. Pafunika malo atatu kapena kuposa, kuti mizere yozungulira yojambulidwa pa mapu ikumane pamodzi, ndipo pokumanirapo mpamene panasweka mwala.

Tsono mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, umene muli nyanja za Tanganyika ndi Malawi, wokhala ndi nthambi zake ku Mweru ndi ku Luangwa, sudziwa malire a maiko. Cibvomezi ca ku Salima m'Malawi mu 1989 cinapha anthu 9. Ca ku Machaze m'Mozambique mu 2006 cinafika pa 7.0, ndipo cinamveka mpaka ku Harare. Kwathu kuno, dera la Kaputa linagwedezeka mu 2017. Palibe dziko limene lingayeze bwino zotere ndi makina ake okha. Ndico cifukwa cake mu 1993 akatswiri a maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa anapanga bungwe loti azisonkhanitsa zolembedwa zao, ndipo mu 2005 panayambika nchito ya AfricaArray, yoika makina ndi kuphunzitsa acinyamata. Ku Lusaka kulinso malo oyezera amene atumiza zolemba zake kwa akatswiri a dziko lonse lapansi. Awerengi angakondwe kudziwa kuti malo oyezera a ku Bulawayo achedwa ndi dzina la Bambo Edmund Goetz, wansembe wa cipani ca Ajezuiti, amene anawayambitsa mu 1903 poyang'ana nyengo ndi nyenyezi.

Tisadzinyenge: makinawa sangalosere tsiku la cibvomezi, ndipo wonena kuti atero anama. Phindu lake lili m'mapu osonyeza kumene nthaka imagwedezeka kawirikawiri, mapu amene omanga madamu ndi milatho amadalira. Makomiti a maparishi a ku Mpulungu, Kaputa ndi Siavonga ayenera kufunsa za mapu amenewa ku ofesi ya Geological Survey ku Lusaka asanakumbe maziko a chalichi kapena sukulu ya njerwa.